Kulemba pa Kompyuta: Mwini Mawu Adzilembere Yekha

Pa boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1 umene umalumikiza Lilongwe ndi Blantyre, sipasowa kachipinda kolembedwa pakhomo kuti muno timatayipa, timapulinta komanso timachita fotokope. N'chimodzimodzi m'malo ena amalonda m'bomali kumene mawaya a magetsi anafika. Anthu amabwera pakhomo lotere atagwira mapepala olembedwa pamanja, ena ochita kung'amba m'kope la mwana wasukulu. Uyu ndi mnyamata amene walemba mayeso a MSCE, akufuna kalata yofunsira ntchito. Uyo ndi mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, wanyamula pempho la mjigo lopita ku khonsolo. Winayo wathamanga kuchokera pasiwa, akufuna mbiri ya malemu itayipidwe mwambo usanayambe. Onsewa mawu ali nawo kale, anawaganiza okha ndipo anawalemba okha. Chimene akudzagula ndi zala za munthu wina. Akalipira amatuluka ndi pepala lokha, pamene kalata imene ikanatha kukonzedwanso mawa yatsala m'kompyuta ya eni malo.

Munthu aliyense wodziwa kulemba ndi cholembera angathe kuphunzira kudzilembera yekha pa kompyuta, ndipo n'koyenera kuti atero. Luso lofunika pa kalata, pa mfundo za msonkhano kapena pa CV ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi mantha amene anthu amakhala nawo. Mabatani ambiri amene amaoneka pa sikirini woyamba kumene sadzawakhudza n'komwe. Chofunika n'kumvetsa khalidwe la chipangizochi ndi kuchita zinthu motsatana bwino: kulemba, kusunga, kukonza mawu, kukonza maonekedwe, kenako kupulinta. Amene amavutika ndi amene amasokoneza ndondomekoyi, n'kuyamba kukongoletsa mutu wa kalata mawu ake asanathe.

Kuchokera pa tayipi kufika pa sikirini

Akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'maofesi a boma kapena a mishoni akukumbukira makina otayipira aja, ndi kabelu kake kolira mzere ukafika pothera. Makinawa anakonzedwa ku America ndi Christopher Latham Sholes ndi anzake, amene analembetsa luso lawolo mu 1868, ndipo kampani ya Remington inayamba kuwagulitsa mu 1874. Kasanjidwe ka zilembo kamene timakaona lero pa kiyibodi ya kompyuta ngakhale ya pafoni, koyamba ndi Q, W, E, R, T, Y, kanachokera pa makina omwewo. Koma tayipi inali ndi vuto limodzi lalikulu: chilembo chikamenyedwa chamenyedwa. Ukalakwitsa liwu limodzi m'munsi mwa tsamba unkayenera kupakapo mankhwala oyera ofufutira, apo ayi kuyambiranso tsamba lonse. N'chifukwa chake kutayipa inali ntchito ya anthu ophunzitsidwa mwapadera, ndipo bwana ankalemba pamanja n'kupereka kwa kalaliki. Chizolowezi chopita ndi pepala kwa wotayipa chinabadwira pamenepo, ndipo pa nthawi yake chinali ndi chifukwa chomveka.

Pulogalamu yolembera pa kompyuta inachotsa chifukwacho. Pulogalamu ndi malangizo amene amaikidwa m'kompyuta kuti igwire ntchito inayake; ina ndi yowerengetsera ndalama, ina yoonera kanema, ndipo iyi ndi yolembera. Yoyamba kutchuka inali WordStar chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenako WordPerfect, ndipo mu 1983 kampani ya Microsoft inatulutsa Word, imene lero ndiyo yodziwika kwambiri m'maofesi a kuno kwathu. Kusiyana kwake ndi tayipi n'kwakuti mawu amene mwalemba amaima kaye pa sikirini, sanafike papepala. Ali ngati njerwa imene yangotuluka m'chikombole: ikapindika mumaibwezera m'dothi n'kuumbanso, osataya kanthu. Kupulinta ndiye kuwotcha uvuni, ndipo woumba wanzeru sakoleza moto asanayang'ane njerwa zake. Munthu akamvetsa zimenezi mantha amatha, chifukwa cholakwa cha pa sikirini sichiwononga pepala, inki, ngakhale kompyutayo.

Word ndi yogulitsa, koma zilipo zina. LibreOffice Writer, imene inatuluka mu 2011, ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Google Docs, imene yakhalapo kuyambira 2006, siilipiritsa, kungoti imadalira kwambiri netiweki ndi bandulo. WPS Office, ya kampani ya Kingsoft ya ku China, imapezeka m'mafoni ambiri. Zonsezi zimafanana pa zinthu zikuluzikulu, moti wodziwa imodzi savutika ndi inzake. Kwa munthu wa kumudzi kumene netiweki imabwera n'kupita, yabwino ndi imene imalemba ngakhale bandulo itatha.

Tsamba loyera ndi kamzere kophethira

Mukatsegula pulogalamu n'kusankha New kapena Blank document, pa sikirini pamabwera tsamba loyera. Kumtunda kwake chakumanzere kumakhala kamzere kakang'ono koimirira, kophethiraphethira. Kameneka ndi kesa, ndipo kamasonyeza pamene chilembo chotsatira chigwere. Mukafuna kuwonjezera mawu pakati pa chiganizo chimene mwalemba kale, mumasuntha mausi, kachipangizo kogwira m'dzanja kaja, n'kudina pamalopo; kesa imalumphira pomwepo, ndipo mawu atsopano akamalowa akalewo amasendera okha kutsogolo. Mabatani oti muwadziwe tsiku loyamba ndi ochepa. Lalitali la m'munsi limasiya mpata pakati pa mawu. Shift, mukaligwira pamodzi ndi chilembo, limapereka chilembo chachikulu. Backspace limafufuta chilembo cha kumbuyo kwa kesa, Delete cha kutsogolo kwake. Enter limayambitsa ndime yatsopano. Pa F ndi pa J pali timizere totukuka timene chala chimamva. Ndi pomwe akatswiri amaika zala zamkombaphala kuti azitayipa osayang'ana pansi. Luso limenelo ndi labwino koma lingadikire. Zala ziwiri zimalemba kalata yathunthu bwinobwino, kungoti zimachedwa.

Batani la Enter ndilo limasokoneza anthu ambiri. Amene anazolowera kulemba m'kope akaona mzere ukutha amafuna kutsika yekha, choncho amadina Enter pothera pa mzere uliwonse. Pulogalamu siifuna thandizo limeneli, chifukwa mawu akafika kumalire a tsamba amatsika okha. Kuipa kwa Enter wapaliponse sikuoneka nthawi yomweyo. Kumadzaonekera pamene mwachotsa mawu awiri pa mzere woyamba kapena mwakulitsa zilembo: mizere yonse imaduka pakati, wina wautali wina waufupi, ndipo mumayenera kuilumikizanso umodziumodzi. Enter adinidwe pokhapokha ndime ikatha. Chimodzimodzinso batani la mpata. Ambiri amalidina kambirimbiri pofuna kukankhira adiresi kudzanja lamanja kapena mutu pakati pa tsamba. Pa kompyuta imene analemberapo zimaoneka ngati zakhala, koma kalatayo ikatsegulidwa pa kompyuta ina adiresi imapezeka itapendekeka. Pali batani lokhala ndi chizindikiro ichi ¶ limene limaonetsa poyera mipata yonse ndi paliponse pamene mwadina Enter. Woyamba kumene aziliyatsa kawirikawiri kuti aone zimene zala zake zikuchita.

Pakona ya m'munsi pali batani lolembedwa Ctrl, limene palokha silichita kanthu koma likagwiridwa pamodzi ndi chilembo limapereka lamulo. Ctrl ndi Z zimabweza chimene mwangochita kumene. Ngati ndime yonse yazimiririka mwangozi, imabwerera mmene inalili. Kuti musunthe mawu, muyambe mwawasankha: dinani poyambira, gwiritsitsani batani la mausi, kokani mpaka pothera, ndipo mawuwo adzaphimbidwa ndi mtundu wina. Ctrl ndi X zimawadula, Ctrl ndi C zimawakopera osawachotsa, Ctrl ndi V zimawaika pamene pali kesa. Njira imeneyi anaikonza Larry Tesler ndi anzake ku kampani ya Xerox m'zaka za m'ma 1970, ndipo imasintha kaganizidwe ka wolemba. Ndime imene munaiika kumapeto mukhoza kuona kuti ndiyo yoyenera kutsegulira kalata, n'kuikweza pamwamba osalembanso ngakhale liwu limodzi. Wotayipa wolipidwa sangakuchitireni zimenezi. Iye amakopera zimene mwamupatsa, ndipo sakudziwa kuti mwa madandaulo onse a mudzi wanu lopweteka kwambiri ndi liti.

Kusunga magetsi asanathime

Chimene chili pa sikirini sichinasungidwe. Kompyuta imagwirizira mawu amene mukulemba m'malo a kanthawi odalira magetsi, ndipo magetsi akathima zonse za m'menemo zimafufutika. Kuti mawu akhalitse muyenera kuilamula kuti iwalembe m'malo okhazikika, ndipo lamulo lake ndi Save, kapena Ctrl ndi S. M'dziko muno imeneyi si nkhani yaing'ono. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale m'nyengo yabwino magetsi sachenjeza akamapita. Laputopu ili ndi batire loti n'kukupulumutsani, koma kompyuta ya padesiki imazima nthawi yomweyo. Word imayesa kudzisungira yokha pa mphindi 10 zilizonse, komabe si chinthu chodalira. Dzanja lamanzere lizolowere kudina Ctrl ndi S ndime iliyonse ikatha.

Kusunga koyamba kuchitike mutangolemba mzere woyamba. Kompyuta idzakufunsani dzina la fayilo ndi foda yoikamo. Fayilo ndi chikalata chimodzi chosungidwa m'kompyuta, ndipo foda ndi malo osonkhanitsiramo mafayilo a nkhani imodzi. Ambiri amangovomera dzina limene pulogalamu yawapatsa, ngati Document1, ndipo pakatha miyezi itatu amakhala ndi mafayilo khumi a mayina ofanana, n'kumatsegula limodzilimodzi pofuna kalata imodzi. Dzina labwino limatchula nkhani ndi tsiku, monga Pempho la mjigo 14 Malichi 2025. Komiti ikhale ndi foda yake, makalata a kunyumba foda inanso. Ndipo fayilo yofunika isakhale pamalo amodzi. Fulashi imasochera, komanso ikamalowa m'makompyuta ambiri imatenga mavairasi, timapulogalamu toipa timene timabisa kapena kuwononga mafayilo. Njira yapafupi n'kudzitumizira nokha fayiloyo pa imelo kapena pa WhatsApp, kuti fulashi ikatayika ntchito isatayike nayo.

Kumapeto kwa dzina la fayilo kumakhala tizilembo tosonyeza mtundu wake. Kuyambira 2007 Word imasunga mu docx, mtundu umene aliyense woutsegula angathe kusintha. PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993, imasunga tsamba mmene lilili, moti limaoneka chimodzimodzi pa foni, pa kompyuta ndi pa pulinta. Sungani docx kuti ikhale yanu yogwirira ntchito, koma potumiza kwa abwana kapena popita kokapulinta mutenge PDF.

Pempho la mjigo, kuyambira pamwamba mpaka pansi

Tiyeni titenge kalata ya mlembi uja. Mudzi wake ukumwa madzi a pachitsime chosatetezeka, ndipo komiti yagwirizana kulembera bwanamkubwa wa boma la Ntcheu kudzera kwa mfumu yaikulu ya dera lawo, kaya ndi Inkosi Kwataine, Njolomole kapena Ganya. Mlembi ayambe n'kutayipa zonse kudzanja lamanzere, osasamala za kukongola: adiresi ya komiti, tsiku, adiresi ya wolandira, mzere wa kudzera kwa, malonje, mutu wa kalata, kenako nkhaniyo. Ndime yoyamba inene chimene akupempha. Yachiwiri ipereke umboni: mabanja ndi angati, mjigo wapafupi uli kutali bwanji, matenda otsegula m'mimba avuta motani. Yachitatu inene zimene mudzi wakonzeka kuchita, monga kututa mchenga ndi miyala ndiponso kusankha komiti yosamalira mjigowo. Akamaliza asunge, awerenge mokweza, achotse mawu obwerezabwereza, asungenso.

Apa ndi pomwe maonekedwe amayamba, ndipo lamulo lake ndi limodzi: sankhani mawu kaye, kenako perekani lamulo. Asankhe adiresi ya komiti ndi tsiku, adine Ctrl ndi R, zonse zisunthira kumanja. Asankhe mutu wakuti PEMPHO LA MJIGO, adine Ctrl ndi E kuti ukhale pakati, Ctrl ndi B kuti zilembo zinenepe. Mtundu wa kalembedwe ka zilembo umatchedwa fonti. Kalata ya ku ofesi imafuna fonti imodzi yooneka bwino, monga Times New Roman, Arial kapena Calibri, pa msinkhu wa 12 kapena 11. Woyamba kumene amakopeka ndi zilembo zopotanapotana ndi mitundu yofiira ndi yobiriwira, koma kalaliki amene ali ndi mulu wa makalata patebulo amafuna kuwerenga msanga, ndipo zokongoletsa zimangomuchedwetsa. Pansi, pakati pa mawu otsanzika ndi dzina la mlembi, pasiyidwe mpata wokwanira siginecha ndi chidindo.

Pali chinthu china chimene chimawonongetsa mapepala ambiri. Pepala limene timagula kuno ndi A4, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa pepala la ku America lotchedwa Letter, lomwe ndi lotambalala pang'ono koma lalifupi. Mukapanda kusintha, tsamba lopulintidwa silifanana ndi limene munaona pa sikirini. Pitani pa Layout, kenako Size, musankhe A4. Malire a m'mbali, amene nthawi zambiri amakhala masentimita 2.54, asiyeni mmene alili. Ndi amene amapereka malo obowolera pepala poliika m'fayilo ya ku ofesi. Musanapulinte dinani Ctrl ndi P, ndipo pulogalamu idzakuonetsani tsamba lonse mmene litulukire. Ngati dzina la mlembi lagwera lokha patsamba lachiwiri, ino ndiyo nthawi yofupikitsa ndime imodzi, musanalipire masamba awiri.

Ngati kalatayo ikufuna mndandanda wa mabanja, musayese kufoletsa mayina ndi batani la mpata. Pa Insert pali Table, tebulo la timabokosi, ndipo mumangosankha kuchuluka kwa mizere yotsika ndi yopingasa. Tebulo lomwelo ndi limene lingathandize msungichuma wa banki mkhonde kapena gulu la alimi a mbatatesi ku Tsangano polemba dzina, masheya, ngongole ndi tsiku lobweza. Phindu lalikulu limadza chaka chotsatira. Komiti ikafuna kupempha mlatho, mlembi amatsegula kalata yakale, amadina Save As n'kuipatsa dzina latsopano kuti yakaleyo isafufutike, kenako amasintha mutu ndi nkhani yokha. Maadiresi ndi kasanjidwe konse zilipo kale. Amene anasiya fayilo yake kwa wotayipa amalipiranso tsamba lonse.

Chichewa m'chipangizo chozolowera Chingerezi

Wolemba Chichewa koyamba pa Word amadzidzimuka poona kuti pafupifupi liwu lililonse ladulidwa kunsi ndi mzere wofiira wokhotakhota. Ena amaganiza kuti alakwitsa, ena amati kompyuta ikukana chilankhulo chathu, n'kusinthira ku Chingerezi chimene sachidziwa bwino. Chimene chikuchitika n'chakuti pulogalamu ikuyerekeza mawu anu ndi mndandanda wa mawu a Chingerezi umene inabwera nawo, ndipo liwu limene silili pamndandandapo imalikayikira. Mizereyo situluka populinta. Ngati ikukusowetsani mtendere, sankhani zonse ndi Ctrl ndi A, pitani pa Review, kenako Language, muchonge pa kabokosi kouza pulogalamu kuti isayang'ane kalembedwe ka mawu. Koma dziwani kuti pamenepo woyang'anira Chichewa chanu ndinu nokha, ndipo palibe njira ina yoposa kuwerenga mokweza. Pulogalamu imathanso kusintha yokha liwu limene ikuliona ngati Chingerezi cholakwika, choncho mayina a anthu ndi a midzi ayang'anidwe kawiri.

Nkhodolero, kachizindikiro ka m'mawu ngati m'mudzi ndi ng'ombe, kali pa batani loyandikana ndi Enter, ndipo sikoyenera kukadumpha: ng'oma yoimba ndi ngoma, gule wa Angoni a ku Ntcheu, zimasiyana ndi kachizindikiro komweko. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, sichili pa kiyibodi, koma mu Word mukatayipa 0175 n'kudina Alt ndi X chimatuluka. Chimapezekanso pa Insert, pansi pa Symbol. Malamulo a kalembedwe tili nawo: bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linawatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, ndipo kuyambira 1996 ntchito yosamala zilankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Msonkhano umene unachitika m'Chichewa, mfundo zake zilembedwe m'Chichewa, kuti agogo amene analankhula pamsonkhanowo akamve mawu awo powerenga.

Zimene otsutsa amanena

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za m'tauni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Ntcheu lili ndi anthu oposa 650,000, ambiri mwa iwo a kumudzi, ndipo m'dziko lonse nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Kompyuta ndi yodula, ndipo banja limene likusowa feteleza silingaganize zogula laputopu. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo ndi yolemera. Koma kudziwa kulemba pa kompyuta sikufuna kuti munthu akhale ndi yakeyake. Foni yamakono yotchajidwa pa sola imatsegula WPS Office kapena Google Docs, ndipo malamulo a ndime, kusunga ndi PDF ndi omwewo. Palinso timakiyibodi tating'ono tolumikiza ku foni. Sukulu zina za sekondale zimaphunzitsa Computer Studies, phunziro limene MANEB imayesa pa MSCE, ndipo ophunzira ake akabwerera kumudzi angaphunzitse ena. Ngakhale m'kachipinda kotayipira komweko munthu angapemphe kulipira nthawi yokhala pa kompyuta m'malo molipira tsamba. Mudzi sufunika kukhala ndi anthu zana odziwa. Mlembi mmodzi pa komiti iliyonse, ndi wachiwiri wake woti aphunzire pambali, akwanira kusintha zinthu.

Wina angati dzanja likukwanira, makolo athu analemba madandaulo awo pamanja ndipo anamveka. Indedi, kalata ya kwa malume kapena uthenga wa kwa a nyakwawa sizifuna pulinta, ndipo buku lachikuto cholimba la komiti lisatayidwe. Komabe malo ambiri antchito masiku ano amafuna kalata ndi CV pa imelo, ndipo mabungwe othandiza pa chitukuko amafuna mapempho ndi malipoti otayipa. Pepala lolemba pamanja likanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe latha, ndipo likafunika kwa anthu asanu ndi kulemba kasanu kapena kulipira fotokope ya zolemba zovuta kuwerenga. Amene amaluza pa zonsezi ndi yemwe ali kutali ndi boma, chifukwa kulakwitsa deti limodzi kumamudyera ulendo wina wa kabaza kapena minibasi.

Nanga otayipa adzadya chiyani? Ntchito yawo siitha. Pulinta, inki, fotokope ndi kumanga mabuku zidzafunikabe, ndipo amene ali ndi luso angapeze ndalama pophunzitsa ena. Ambiri mwa iwo ndi anthu okhulupirika amene athandiza midzi yathu kwa zaka zambiri. Koma taganizani zimene zimadutsa m'manja mwawo: nambala za chitupa cha unzika, nkhani za matenda, mikangano ya malo, kagawidwe ka chuma cha masiye. Zonsezi zimatsala m'kompyuta imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito. Palinso chizolowezi chotenga CV ya kasitomala wakale n'kungosintha dzina ndi sukulu, moti achinyamata khumi amapita kokafunsira ntchito ndi mawu ofanana, nthawi zina nambala ya foni ya munthu wina itatsalira m'munsi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, Data Protection Act ya 2024, koma chitetezo choyamba n'kusapereka chinsinsi kumene sichikufunika. Amene sangachitire mwina koma kupita kwa wotayipa akhale pambali pake, awerenge pa sikirini asanapulinte, atenge fayilo yake, ndipo apemphe kuti yotsalayo ifufutidwe iye akuona.

Chitsutso champhamvu kuposa zonse n'chakuti kusintha kosavutaku kungathandizenso wachinyengo. M'buku lolemba pamanja, pamene pafufutidwa pamaoneka. Mu fayilo, mlembi wosakhulupirika angasinthe 50,000 kukhala 30,000 usiku, osasiya chipsera, ndipo pepala lotayipa bwino anthu amalikhulupirira msanga chifukwa limaoneka ngati la boma. Vutoli ndi lenileni, ndipo limakula pamene wodziwa kompyuta ali mmodzi yekha pagulu lonse, chimene chili chifukwa chinanso chophunzitsira anthu ambiri. Limachepa ndi mwambo wa komiti. Mfundo za msonkhano zikatayipidwa zipulintidwe, ziwerengedwe mokweza pa msonkhano wotsatira anthu onse akumva, ndipo zikavomerezedwa wapampando ndi mlembi asayine tsamba lililonse, osati lomaliza lokha. Masamba akhale ndi manambala, amene amaikidwa popita pa Insert kenako Page Number, kuti tsamba lina lisazembetsedwe kapena kulowetsedwa pakati. Ndalama zilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe. PDF ya mfundo zovomerezedwazo itumizidwe tsiku lomwelo kwa mamembala angapo amene ali ndi mafoni, ndipo pepala losayinidwa limatidwe m'buku la komiti, limene lizisungidwa ndi munthu wina wosiyana ndi amene amasunga fayilo.